Chenjezo: wodwala chithokomiro asasiye mankhwala chifukwa cha m'mimba

Uthenga uno ukupita kwa anthu onse a m'dera la Mfumu Mlolo, kuyambira midzi ya kufupi ndi malire a Chanida mpaka ku boma la Chadiza, makamaka kwa inu amayi, pakuti matenda amene ndikunena pano amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Ngati achipatala anakuuzani kuti chithokomiro chanu chafooka ndipo anakupatsani timapiritsi ta levothyroxine, musasiye kumwa timapiritsi timeneto chifukwa choti m'mimba mukupota, mimba ikufufuma kapena mukudzimbidwa. Musasiye ngakhale wina atakulonjezani kuti ali ndi kadyedwe kochiza matenda onse awiri nthawi imodzi. Kusankha bwino zakudya kungathe kutonthoza m'mimba, zimenezo n'zoona, ndipo tikambirana momwe mungachitire. Koma palibe ndiwo, phala, muzu kapena tiyi amene angapange mahomoni amene chithokomiro chofooka chikulephera kupanga.

Chandichititsa kulemba ndi malangizo amene akuyenda pa mafoni masiku ano, pa WhatsApp ndi pa Facebook, komanso m'kamwa mwa ogulitsa mankhwala amene amati ndi otsuka m'mimba. Malangizowo amabwera ndi mndandanda wautali wa zoletsedwa: musadye kabichi, musadye repu, musadye soya, nyemba, buledi, mkaka, chinangwa, ena amaonjezapo ngakhale nsima imene. Ambiri mwa malangizo amenewa analembera anthu a kumaiko kumene sitolo imodzi ili ndi zakudya za mitundu mazanamazana, ndipo munthu akasiya ichi amatola icho. Kwa Mlolo mukachotsa zonsezi pamphasa, chitsalepo n'chiyani? Sitinaiwale chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February chaka chomwecho kuti ndi tsoka la dziko lonse. Mayi amene thupi lake lakumana ndi njala yotere, amene amalima, kutunga madzi ndi kuyamwitsa, sangapirire kudzimana ndiwo miyezi yathunthu chifukwa cha uthenga wa pa foni umene wolemba wake sakumudziwa n'komwe.

Chithokomiro ndi kachiwalo kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Ntchito yake ili ngati ya munthu wosonkhezera moto pamafuwa: akasonkhezera bwino zonse zimapsa pa nthawi yake, akawodzera moto umazilala ndipo mphika umangokhala pomwepo. Chithokomiro chikafooka, thupi lonse limachita ulesi. Munthu amatopa asanagwire ntchito, amamva kuzizira anzake akutuluka thukuta, khungu limauma, tsitsi limathothoka, nkhope imatupa, mawu amasasa, amaiwalaiwala, amanenepa ngakhale akudya pang'ono, ndipo kwa amayi msambo umasokonekera kapena umabwera wambiri. Matumbo nawo amayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kudzimbidwa ndi kufufuma mimba zimayendera limodzi ndi matendawa. Kwa ena chimafooka chifukwa chosowa ayodini m'zakudya. Kwa ena chitetezo cha thupi lawo lomwe chimaukira chithokomiro, matenda amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912. Kwa enanso chimafooka atachitidwa opaleshoni ya pakhosi, kapena m'chaka choyamba atabereka.

Choopsa cha kusiya mankhwalawa n'chakuti sichioneka msanga. Levothyroxine amakhalitsa m'magazi, moti pakatha sabata yathunthu theka lake limakhala likadali m'thupi. Munthu akasiya kumwa, sabata yoyamba ndi yachiwiri amadziona ngati ali bwinobwino, ndipo amayamba kuchitira umboni kwa anzake kuti tiyi uja wamuchiritsa. Chakudza sichiimba ng'oma. Pakapita masabata angapo kutopa kumabwerera, mimba imamanga kuposa kale, mtima umagunda mochedwa. Akapitiriza choncho miyezi, makamaka ngati ndi wachikulire, m'nyengo yozizira ya June ndi July kapena akagwidwa ndi chibayo, thupi limatha kuzizira kwambiri, mutu n'kusokonezeka, munthu n'kukomoka osadzukanso. Kwa mayi woyembekezera ngozi ndi ya anthu awiri. Akhoza kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane, ndipo ubongo wa mwana m'miyezi yoyambirira umadalira mahomoni a mayi ake. Mayi wakumwa levothyroxine akangozindikira kuti waima, auze achipatala sabata yomweyo, asadikire tsiku la sikelo, chifukwa nthawi zambiri mlingo wa mankhwala umafunika kuonjezedwa.

Tibwere ku nkhani ya m'mimba. Alipo matenda amene madokotala amawatcha IBS. Munthu amamva kupota m'mimba kobwerezabwereza, kumene kumasintha akapita kuchimbudzi, masiku ena atsegule m'mimba, masiku ena adzimbidwe, mpweya uli tho. Mwa muyeso umene madokotala anagwirizana mu 2016, ululuwo umayenera kukhala ukubwera kosachepera tsiku limodzi pa sabata kwa miyezi 3. Matumbo a munthu wotere sakhala ndi bala kapena chotupa, ndipo matendawa sasanduka khansa. Vuto limakhala loti matumbo amamva msanga ndipo amayenda mosalongosoka. Ululu wake ndi weniweni. Abambo, mukaona mkazi wanu akugwira pamimba tsiku ndi tsiku pomwe kuchipatala anena kuti sanapeze kanthu, musamunene kuti akuthawa khasu. Ndipo apongozi musathamangire kuloza chala mnansi kuti walodza.

Komabe dzina limeneli lisadziperekedwe ndi munthu mwini. Kuno kwathu zilipo nthenda zambiri zimene zimavala nkhope yomweyo: njoka za m'mimba, tizilombo ta m'madzi osatetezedwa, likodzo la m'matumbo, zilonda za m'mimba, chifuwa chachikulu chimene chakhazikika m'mimba, kutsegula m'mimba kobwera ndi HIV, khansa ya m'matumbo, ndipo kwa amayi khansa ya m'thumba la mazira, imene poyamba imangooneka ngati kufufuma mimba ndi kukhuta msanga. Zonsezi zili ndi chithandizo chakechake, ndipo kusala anyezi sikungachize ngakhale imodzi. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, mukamaonda osadziwa chifukwa, mukamadzuka usiku ndi ululu kapena kutsegula m'mimba, thupi likamatentha, m'maso ndi m'manja mukayera kusonyeza kuchepa kwa magazi, mukakhudza chotupa pamimba, kapena ngati vutoli layamba mutapitirira zaka 50, siyani zoyesa zakudya, pitani kuchipatala. Mimba ikatupa mwadzidzidzi ngati ng'oma, munthu akusanza, osatulutsa chimbudzi ngakhale mpweya, matumbo akhoza kukhala atapotana. Apo musadikire kuti kuche, ndipo musamumwetse mankhwala otsegula m'mimba. Fufuzani galimoto usiku womwewo. Chimodzimodzi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha kobwera mwamphamvu. Kolera anabuka ku Vubwi, kwa anansi athu, mu January 2023, ndipo mliri umene unayamba ku Lusaka mu October chaka chomwecho unapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Wodwala wotere ayambe kumwa ORS ali panjira.

Palinso china chimene anthu ambiri sauzidwa. Kwa munthu wa chithokomiro, vuto la m'mimba likhoza kukhala uthenga woti mlingo wa mankhwala sunakwane kapena wapitirira. Ukachepa, munthu amadzimbidwa. Ukachuluka, amatsegula m'mimba, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, tulo sabwera, thukuta silitha. Zimenezi munthu sangazidziwe pongodzimva. Zimadziwika popima magazi, kupima kumene amakutcha TSH, ndipo kumabwerezedwa pakatha masabata 6 mpaka 8 mlingo ukasinthidwa, kenaka kamodzi pachaka zinthu zikakhazikika. Choncho musanayambe kusala chakudya chilichonse, funsani kaye achipatala kuti magazi anu a chithokomiro anapimidwa liti komaliza.

Kamwedwe ka piritsi limeneli ndi kumene kuli nkhani yaikulu, chifukwa anthu ambiri amamwa mokhulupirika tsiku lililonse koma mankhwala salowa m'magazi. Levothyroxine amafuna m'mimba mopanda kanthu. Imwani mukangodzuka, ndi madzi okha, ndipo mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanadye kapena kumwa china. Kumezera piritsili ndi tiyi wamkaka, khofi, thobwa kapena phala ndi kutaya gawo lina la mankhwala. Ndikudziwa kuti nthawi ya dzinja anthu amalawirira kumunda kusanache ndipo palibe amayang'ana wotchi. Zimenezo zikhoza kukuthandizani: imwani piritsi musanatseke chitseko, chakudya mukadye mutalima kale mizere ingapo. Amene m'mawa simuwayendera bwino akhoza kumwa pogona, bola padutse maola 3 kuchokera pamene anadya nsima yamadzulo. Chofunika ndi kusankha nthawi imodzi ndi kuisunga, osati lero m'mawa, mawa usiku.

Mapiritsi ena amagwira levothyroxine m'matumbo n'kutuluka naye. Oyamba ndi aja oonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo. Ndi ofunika kwambiri ndipo musawasiye, koma alekanitseni ndi piritsi la chithokomiro maola 4, ili m'mawa, awo masana kapena madzulo. Enanso ndi mapiritsi a kashiamu olimbitsa mafupa, ndi mankhwala oyera aja a chilungulira, otafuna kapena amadzi, amene munthu wovutika m'mimba amagula pa kantini n'kumamwa kangapo patsiku. Apa ndi pamene matenda awiriwa amakolana: m'mimba mukawawa munthu amwa mankhwala a chilungulira, iwo atsekereza piritsi la chithokomiro, chithokomiro chikafooka mimba imanga, mimba ikamanga munthu aonjeza mankhwala a chilungulira. Makala osinja ndi dothi limene amayi ena oyembekezera amadya nazonso zimagwira mankhwala, ndipo dothi limamanga mimba koopsa. Chilakolako cha dothi kawirikawiri chimasonyeza kuti magazi achepa, choncho kauzeni anamwino m'malo mochita manyazi. Amene ayamba mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ena a khunyu auze achipatala kuti amamwanso levothyroxine, chifukwa mankhwala amenewo amachititsa thupi kumaliza levothyroxine msanga. Sungani timapiritsi tanu m'paketi yake, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi moto wa kukhitchini.

Za mchere ndinena mwachidule. Malamulo a Zambia amafuna kuti mchere wogulitsidwa kuti anthu adye ukhale ndi ayodini. Gulani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini. Ife a m'malire timagula zambiri zopimidwa pa kapu kapena pa mulu, zimene sitidziwa kumene zachokera, ndipo mchere wotere sungadziwike ndi maso ngati uli ndi ayodini. Usungeni m'chitini chotseka, chifukwa ayodini amauluka mchere ukakhala pamtunda, pachinyezi kapena pafupi ndi moto. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 okha a ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250. Sikuti muchulutse mchere ayi. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo BP yavuta kale mabanja ambiri. Mchere wa ayodini umateteza banja lonse, makamaka ana, koma sudzutsa chithokomiro chimene chinaonongeka kale. Madontho a ayodini ndi makapisozi a ndere za m'nyanja amene ena amagulitsa akhoza kuchifooketsa kwambiri. Ayodini wopaka pabala si wakumwa. Ndipo chotupa cha pakhosi musachitemere mphini. Chikamakula msanga, chikalimba, chikasintha mawu kapena kuvutitsa pomeza ndi popuma, chikaonedwe ndi dokotala.

Nanga kabichi ndi repu, zimene zimanenedwa kwambiri? N'zoona kuti masamba a mtundu umenewu ali ndi zinthu zimene zingasokoneze chithokomiro, koma zimenezo zimachitika munthu akamadya osaphika ambirimbiri tsiku ndi tsiku ali wosowa ayodini. Kuphika kumachepetsa mphamvuyo, ndipo ife ndiwo timaphika. Mbale ya repu wa kudimba pambali pa nsima ilibe mlandu. Chinangwa chowawa ndicho chofuna kusamala, makamaka chaka cha njala pamene anthu amafulumira kudya chisanakonzeke. Chili ndi poizoni amene m'thupi amalepheretsa chithokomiro kutenga ayodini, ndipo m'madera ena a ku Congo, kumene anthu ankadalira chinangwa chosaviikidwa bwino ali osowa ayodini, zotupa za pakhosi zinali ponseponse. Chisendeni, chiviikeni masiku angapo mpaka chifewe, chiyanikeni chiume. Chigwada chisinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira. Soya, amene alimi ambiri a chigawo cha Kum'mawa tsopano amalima, sikuti ndi woletsedwa, koma amachepetsa kalowedwe ka levothyroxine. Phala la soya lisakhale chakudya choyamba mukangomwa piritsi. Lidikire maola angapo, ndipo ngati mwayamba kudya soya tsiku lililonse, auzeni achipatala popima magazi.

Zikadziwika kuti chithokomiro chili pa mlingo wabwino ndipo matenda ena aja palibe, apo mpamene zakudya zimagwira ntchito yake. Ofufuza a ku Monash University mumzinda wa Melbourne ku Australia, motsogozedwa ndi Peter Gibson ndi Sue Shepherd, anasonyeza kuyambira cha m'ma 2005 kuti mitundu ina ya shuga wa m'zakudya siigayika bwino m'matumbo aang'ono. Imakoka madzi, n'kukafika m'matumbo aakulu kumene tizilombo tabwino timaisasitsa n'kutulutsa mpweya. Anthu onse zimawachitikira, koma wa IBS amamva ululu pomwe mnzake sakumva kanthu. Kadyedwe kamene anakonza kamadziwika ndi dzina loti FODMAP. Pa zakudya zathu, zimene zili ndi shuga wotereyu wambiri ndi anyezi, adyo, nyemba ndi kayera, nyama ya soya, buledi ndi zitumbuwa za ufa wa tirigu, mkaka wosawawasa, uchi, mango ndi mavwende. Zimene matumbo ambiri amalandira mwamtendere ndi nsima ya chimanga, mpunga, mbatatesi, tomato, masamba ophika, nsawa zapang'ono, mazira, kapenta, nkhuku, nyama, papaya, malalanje, chinanazi ndi nthochi zosapsetsa. Onani kuti nsima ili kumbali yabwino. Amene akukuuzani kuti musiye nsima chifukwa cha m'mimba akukusokeretsani.

Eni ake a kadyedwe kameneka amanena momveka kuti kusalako ndi kwa masabata 2 mpaka 6 basi, kenaka munthu abwezeretse zakudyazo chimodzichimodzi kuti adziwe chimene chimamuvuta ndi kuchuluka kumene angapirire. Mbali imeneyi ndi imene mauthenga a pa foni amaisiya, ndipo anthu amakhala chaka chathunthu akuopa chakudya. Ine ndikuona kuti kwa munthu wa kumudzi, amene alibe katswiri wa zakudya womuyang'anira, kusala zonse nthawi imodzi n'koopsa kuposa phindu lake. Yambani ndi ziwiri kapena zitatu zimene mukuzikayikira, mwina anyezi, mkaka ndi zitumbuwa. Lembani m'kope la mwana wasukulu zimene mwadya ndi momwe m'mimba mwachitira. Pakatha masabata awiri osaona kusintha, zibwezereni, muyese zina. Mukaona kusintha, bwezerani chimodzi pang'ono, mudikire masiku atatu, muone.

Nyemba ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa m'mabanja ambiri ndizo nyama ya tsiku ndi tsiku. Musazitaye. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, phikani ndi madzi atsopano mpaka zifewe kwambiri. Ena amapeza kuti chipere, nyemba zochotsa makoko, chimawakomera mtima kuposa nyemba zamakoko. Idyani zochepa, masupuni angapo pambali pa ndiwo zamasamba, m'malo mwa mbale yodzaza. Masiku amene mwazichepetsa, thupi lipeze chomangira kwina: ndiwo zotendera, dzira, kapenta, inswa nthawi yake, mbewa m'chilimwe. Wokonda fungo la anyezi akazinge zidutswa zikuluzikulu m'mafuta, azichotse asanathire tomato kapena madzi, pakuti shuga wovutitsa uja sasungunuka m'mafuta koma fungo limatsala. Masamba obiriwira a anyezi nawonso savuta ngati mutu wake. Mkaka wowawasa umagayika bwino kuposa wosawawasa kwa anthu ambiri a kuno, amene matupi awo akakula sagaya shuga wa mumkaka. Nthawi ya mango, kuyambira November mpaka January, munthu wa IBS asakhale pansi pa mtengo n'kumadya mpaka kukhuta. Adye limodzi laling'ono atadya kale nsima, aone momwe zikhalire.

Wodzimbidwa, monga amachitira odwala chithokomiro ambiri, afunika madzi okwanira tsiku lonse, makamaka mu October, ndi zakudya zoterera zimene zimafewetsa chimbudzi: therere, papaya wakupsa, maungu, nkhwani. Nsima ya mgaiwa imathandiza kuposa ya ufa woyera, koma wozolowera ufa woyera asinthe pang'onopang'ono, posakaniza, chifukwa kusintha tsiku limodzi kumadzaza mpweya. Kuthira gaga m'phala kuti mimba itseguke kumaonjeza kupota kwa ambiri, ndiponso gaga amagwira piritsi la chithokomiro. Kadyedwe kathu ka nthawi yolima nakonso kamavutitsa matumbo otere: tsiku lonse osadya, madzulo mitanda isanu nthawi imodzi, kenaka kugona. Gawani chakudya chomwecho katatu kapena kanayi, mudye mosathamanga. Zakumwa za gasi, tiyi wambiri, mowa, kachasu, tsabola wochuluka ndi zokazinga za mafuta ambiri zimautsa matumbo. Nkhawa nayo imatero. Amene ali ndi matendawa amadziwa okha kuti m'mimba mumavuta kwambiri feteleza akachedwa, pakhomo pakakhala maliro kapena mkangano. Matumbo ndi ubongo zimalumikizana ndi mitsempha, choncho kugona mokwanira, kuyenda, ndi kukhala ndi munthu womuuza zakukhosi ndi mbali ya chithandizo.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muchipewe ndi mankhwala otsuka m'mimba, a m'mabotolo osalembedwa kapena a m'mapaketi okongola ochokera kunja. Ambiri amangokhala otsegula m'mimba amphamvu. Munthu amamva kupepuka tsiku limenelo n'kuganiza kuti zoipa zatuluka, pomwe chatuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, pamodzi ndi piritsi limene anamwa m'mawa. Akazolowera, matumbo amayamba kudikira mankhwalawo kuti ayende. M'matumbo mulibe litsiro lofuna kutsukidwa. Mankhwala ovomerezeka m'dziko muno amalembetsedwa ku bungwe la ZAMRA, ndipo wogulitsa amene akuti botolo limodzi limachiza chithokomiro, shuga, BP ndi kusabereka akufuna ndalama zanu za soya ndi fodya. N'chimodzimodzi kumwa Flagyl kapena makapisozi nthawi iliyonse m'mimba mukalira. Amenewo ndi opha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo akamwedwa popanda chifukwa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, vuto n'kukula. Kupemphera n'kwabwino ndipo kumalimbitsa mtima, koma abusa ndi aneneri, chonde musauze munthu kuti ataye mapiritsi ake posonyeza chikhulupiriro. Mupemphereni akumwa.

Poyambira ndi pa kiliniki yanu yapafupi. Nenani zonse ziwiri, za pakhosi ndi za m'mimba, ndipo tengani mapaketi a chilichonse chimene mukumwa, ngakhale cha kwa sing'anga, kuti achipatala aone. Safunsa anadya phula: funsani dzina la matenda anu, mlingo wa mankhwala anu, kaya ndi mamaikulogalamu 25, 50 kapena 100, ndi tsiku lokapimitsanso magazi, ndipo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Pakafunika kupima kumene sikuchitika pa kiliniki, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala cha boma la Chadiza, ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central Hospital. Mvula isanayambe, pamene misewu ya kumidzi imavuta ndipo mitsinje imadzaza, onetsetsani kuti muli ndi mapiritsi okwanira, ndipo mukatenge ena akale asanathe. Amene mumaoloka pa Chanida kupita ku Cassacatiza kapena ku Tete kukachita malonda kapena kukaona abale, nyamulani mankhwala opitirira masiku amene mukuganiza kukakhala. Anyakwawa, anamkungwi, a magulu a uchembere wabwino a SMAG ndi atsogoleri a mipingo, nkhaniyi ikambeni pa misonkhano yanu, chifukwa mayi wotopa, wozizidwa ndi wodzimbidwa nthawi zambiri amangotchedwa waulesi kwa zaka asanapimidwe n'kamodzi komwe.

Ngati mukuwerenga izi mutasiya kale mankhwala, pitani kuchipatala sabata ino, ndipo mukanene zoona za tsiku limene munasiya. Musamwe mapiritsi ambiri nthawi imodzi kuti mubwezere masabata amene anadutsa, ndipo musabwereke a mnzanu, chifukwa mlingo wake si wanu. Agogo ndi onse amene ali ndi vuto la mtima asayambirenso okha pa mlingo wakale atasiya nthawi yaitali, pakuti mtima ukhoza kulephera kupirira. Dokotala amawayambitsa pa mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Ndipo mukaona wachibale wa chithokomiro akungogona, thupi lili zii, akuyankha mosokonekera kapena akupuma mochedwa, mufunditseni bulangete, musamuwothetse moto pafupi kapena kumumwetsa kanthu mokakamiza, ndipo muthamangire naye kuchipatala mutanyamula paketi ya mankhwala ake.